Kodi munthu angadye gule? Mbiri ya ndalama m'magule athu



Sabata yatha kunyumba kwathu kuno ku Mbayani kunabwera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa History ku Fomu 4. Mayeso anakhoza, koma ntchito sanaipeze mpaka lero. Tsopano iye ndi anzake 7 asonkherana ndalama, agula ng'oma zitatu, ndipo akufuna kuyambitsa gulu lovina magule a makolo m'maukwati ndi kuphunzitsa ana m'masukulu omwe si a boma. Vuto lake ndi lakuti bambo ake akana. Akuti gule si ntchito, ndipo kuyambira kalekale palibe munthu anadyapo gule. Ndiye mnyamatayo anati, "Aphunzitsi, inu mumadziwa zakale. Kodi bambo akunena zoona?"

Ndinamuyankha mwachidule tsikulo, koma funso lija linandikhalabe m'mutu. Lero ndati ndiliyankhe bwinobwino pano.

Bambo aja sakunama kwenikweni. Kumudzi gule sankagulitsidwa. Chisamba chinali cha chinamwali, Gule Wamkulu anali wa maliro, ziliza ndi kulonga mafumu, tchopa anali wa Alhomwe pokondwerera zokolola kapena ulenje wabwino. Komabe wovina bwino ankafupidwa, ndipo woyimba ng'oma sankabwerera kwawo ndi njala. Nkhuku, mowa, kandalama koponya m'bwalo, zonsezi zinalipo. Chimene kunalibe ndi mtengo wogwirizana gule asanayambe.

Magulu ovina okhala ndi dongosolo lawolawo anabwera ndi beni. Guleyu anayambira kugombe la nyanja ya mchere, m'matauni monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, ndipo dzina lake linachokera ku mabandi a asilikali amene anthu ankawatsanzira. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga anabwerera nako kumudzi kuguba kuja. Ku Mangochi ndi madera ena a Ayao kunakhazikika beni, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga malipenga, m'chigawo chapakati mganda. Amene akufuna kuwerenga zambiri afunefune buku la Terence Ranger la 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa.

Chimene chimandisangalatsa ine pa magulu amenewa ndi kayendetsedwe kake. Gulu la malipenga linkatchedwa boma. Linali ndi mfumu yake, akuluakulu a maudindo ngati a usilikali, ngakhale dokotala ndi namwino. Yunifolomu inkafunika ndalama, ulendo wokapikisana ndi boma la mudzi wina unkafunika ndalama, ndiye mamembala ankasonkha, ndipo ambiri a iwo anali anyamata obwera kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Phindu sankalifuna, ankafuna ulemu. Koma taonani, munthu wosunga thumba, malamulo a kuchedwa pa zokonzekera, zovala zofanana: zonse zimene mwana wanga uja akuyesa kuchita lero, agogo ake anazichita zaka 100 zapitazo.

Kenako inafika nthawi ya Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, 1964 mpaka 1994. Sindikhulupirira kuti m'mbiri ya dziko lino muli nthawi ina imene anthu anavina kwambiri chonchija. Pa 6 July, pa 14 May, pa Tsiku la Anakubala, pa ulendo woyendera mbewu, Mbumba inkadzaza bwalo. Ife a ku Blantyre sitifunika kuuzidwa za Kamuzu Stadium ku Chichiri. Amayi ankabwera pa malole kuchokera m'maboma onse, ena ankagona m'makalasi masiku angapo akukonzekera. Chimtali ndi chioda zinaikidwa mawu otamanda mtsogoleri, ingoma nayo inkavinidwa iye mwini atalowa m'bwalo ndi litchowa lake. Malipiro panalibe, ndipo kukana kunali kudziputira mavuto ndi chipani. Ndikuganiza kuti maganizo a bambo aja anachokera pamenepa. M'badwo wawo unaona gule akudya nthawi ya anthu, minda ikudikira, popanda chobwera nacho kunyumba.

Chodabwitsa n'chakuti ndi boma lomwelo limene linayamba kulemba ovina ntchito. Mu November 1987 linakhazikitsa Kwacha Cultural Troupe, gulu limene pambuyo pake linadzatchedwa National Dance Troupe. Kumeneko Mchewa ankaphunzira vimbuza, Mtumbuka ankaphunzira manganje, ndipo gule wa usiku wonse ankafupikitsidwa kuti akwane mphindi zochepa pa nsanja. Ena amati uku kunali kuononga chikhalidwe. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panabadwira luso limene magulu a m'tauni akugulitsa lero, loonetsa magule a mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi pa ola limodzi.

Zipani zambiri zitabwera mu 1994, kukakamiza kunatha, ndalama n'kulowa m'malo. Amayi ovina pa misonkhano ya ndale anayamba kulandira zitenje ndi kangachepe. Lisa Gilman analemba za zimenezi m'buku lake la 2009, The Dance of Politics. Sindiitcha bizinesi imeneyi, chifukwa wopereka ndi amene amasankha kuti apereke zingati, ndipo chisankho chikatha amaiwala. Nthawi yomweyo mabungwe olimbana ndi Edzi anayamba kulemba magulu a zisudzo ndi magule kuti azikopa anthu ku misonkhano. Achinyamata ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi kuno kwathu anagwira ndalama yawo yoyamba ya luso m'njira imeneyi.

Pali malo amodzi amene ndimalimbikitsa aphunzitsi anzanga kupitako ndi ana: ku Mua, m'boma la Dedza. Ansembe a White Fathers anafika kumeneko mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri ankalimbana kwambiri ndi Nyau. Koma mu 1976, pa mishoni yomweyo, Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art. Osema ziboliboli ndi ovina a m'midzi yozungulira anayamba kupeza ndalama kuchokera kwa alendo, ndipo m'nyumba ya Chamare munasonkhanitsidwa zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Amene ankaletsa gule ndi omwe anadzakhala omusunga.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu ndi vimbuza kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Tchopa anatsatira mu 2014, mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018. Miyambo ya pachaka monga Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, Umthetho ku Hora ndi Kulamba ku Mkaika ku Zambia yakuza msika wa osoka zovala, osema ng'oma ndi ophunzitsa masitepe. Phunziro la Expressive Arts m'sukulu za pulaimale nalo lili ndi magule, koma tinene zoona anzanga, ndi angati mwa ife angaimbe ng'oma ya mganda osasokoneza?

Mnyamata uja ndinamuchenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, si gule aliyense amene ndi wa malonda. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake, ndipo akuluakulu a Chewa Heritage Foundation akhala akudandaula ndi anthu omutulutsa pa misonkhano ya ndale ndi m'misewu kuti apemphere ndalama. Vimbuza nazo ndi mankhwala a odwala, si masewera chabe. Chachiwiri, lamulo la Copyright la 1989, limene linalowedwa m'malo ndi la 2016, linaika umwini wa zaluso za makolo m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Ndinamuuza kuti asanayambe kujambula ndi kugulitsa mavidiyo apite kaye ku COSOMA akafunse, komanso alembetse dzina la gulu lake.

Loweruka likubwerali avina koyamba pa chinkhoswe ku Chemusa. Mtengo agwirizana kale, theka alandiriratu. Ndawabwereka kope loti msungichuma wawo azilembamo, ndipo ndalonjeza kuti ndikawatenga ndekha bambo aja kuti tikaonere limodzi.