Ndandanda ya sitima yopirira kuchedwa

Ndandanda ya maulendo a sitima imatchedwa yolimba ngati sitima imodzi ikachedwa pang'ono, zina zimayendabe pa nthawi yake. Akatswiri a za njanji amasiyanitsa kuchedwa kwa mitundu iwiri. Koyamba kumabwera ndi mvula yokokolola njanji, injini yofa kapena anthu otenga nthawi pokwera, ndipo palibe ndandanda ingakuletse. Kwachiwiri ndi kopatsirana: sitima imaima pachabe chifukwa inzake yachedwa. Kumeneku ndiye kumachepetsedwa ndi kalembedwe kabwino ka ndandanda.

Chida chachikulu ndi mphindi zosungira. Akawerengera nthawi imene sitima ingatenge ikuthamanga mokwanira, amawonjezerapo zina, ndipo m'maiko angapo a ku Ulaya zimakhala pafupifupi 5 mpaka 7 pa mphindi 100 zilizonse. Woyendetsa akanyamuka mochedwa amadya mphindi zimenezi n'kubwerera pa nthawi. Koma malo oziika ndi nkhani yaikulu. Kuziunjika kumapeto kwa ulendo kumakometsa malipoti, popeza sitima imaoneka ngati yafika bwino, pamene m'njira monse yachedwetsa zinzake ndiponso anthu a m'masiteshoni apakati. N'kwabwino kuzimwaza, makamaka sitima isanafike pamphambano ndi pamalo okumanirana.

Mpata umafunikanso pakati pa sitima zotsatana. Bungwe la njanji lapadziko lonse, UIC, limalangiza kuti njanji yodutsa sitima za anthu ndi za katundu isadzazidwe kupyola magawo 75 pa 100 nthawi yotanganidwa, kapena 60 pa 100 tsiku lonse. Otsalawo si kuwononga. Ndiwo amameza kuchedwa.

Vutoli limakula panjanji ya mzere umodzi, monga ya makilomita 912 yochoka ku Moatize, kudutsa m'Malawi, kenako Cuamba ndi Nampula mpaka Nacala-a-Velha. Sitima zoyang'anizana sizingaphonyane paliponse: imodzi imapatukira panjanji yam'mbali n'kudikira inzake idutse. Tiyerekeze kuti sitima ya malasha yachedwa ndi mphindi 20. Ya anthu imene imayenera kukumana nayo idikira mphindi 20 zomwezo, ndipo nayonso ikafika mochedwa pokumana ndi yachitatu. Motero kuchedwa kumafalikira mbali zonse ziwiri. Pano chithandizo ndi kuchulukitsa malo opatukira, kuti woyang'anira mayendedwe athe kusamutsa pokumanira, komanso kuwatalikitsa, chifukwa sitima ya malasha ya mabogi 120 singakwane pa malo aafupi. Zikatero yaifupi, nthawi zambiri ya anthu, ndiyo imapatuka.

Dziko la Switzerland linayamba ndi ndandanda, njanji n'kutsatira. Kuyambira 1982 sitima zake zimanyamuka pa mphindi zofanana ola lililonse. Mu Disembala 2004 linatsegula njanji yatsopano pakati pa Mattstetten ndi Rothrist kuti ulendo wa Bern ndi Zürich usakwane ola, sitima zizikumana m'masiteshoni aakulu pa nthawi imodzi, anthu n'kusintha mosavuta.

Mtengo wake ulipo. Mphindi iliyonse yosungira imatalikitsa ulendo ngakhale tsiku limene zonse zayenda bwino, ndipo mpata waukulu umachepetsa sitima zodutsa patsiku. Panjanji yodalira ndalama za malasha, sitima imodzi yochotsedwa pandandanda ndi matani masauzande angapo osafika kudoko tsiku limenelo.