Windows yatsopano imafika mocedwa ku komboni

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft inaleka kutumiza zokonza zaulele za Windows 10. Tsiku limenelo ku Matero palibe cimene cinasintha. Anyamata a m'mashopu osindikiza ma CV anayatsa makompyuta awo monga mwa masiku onse, ndipo makina anayaka bwino-bwino. Koma patapita mawiki ocepa, mnyamata wina amene amabwela kuphunzila nchito ku wailesi kumene nimathandizila ananionetsa laputopu yake. Anaigula m'tauni na ndalama zimene anasunga miyezi yambili, ndipo inali kukana Windows 11. Ananifunsa kuti, "Ba mudala, ndiye kuti yafa?" N'namuuza kuti ikali moyo. Yankho lonse ni lalitali, cifukwa nkhani imeneyi ni yakale kuposa iye.

Intaneti inafika mu Zambia mu 1994, kupitila mu ZAMNET imene inayambila pa University of Zambia. Dziko lathu linali limodzi mwa maiko oyambilila mu Africa kulumikizidwa. Caka cotsatila, Windows 95 inatuluka ku America. Kucoka pa yunivesiti kufika mu Kalingalinga ungayende cabe na mendo, koma kompyuta inatenga zaka zambili kuti iyende mtunda umenewo. Panthawiyo inali cinthu ca m'mabanki, m'maofesi a boma na m'makalasi a anthu ocepa.

Ambili a ise amene tili na zaka za m'ma 30 tinakumana na kompyuta itavala Windows XP, ija ya cithunzi ca kaphili kobiliwila. XP inatuluka mu October 2001, koma ife tinaidziŵa pambuyo pake, m'ma intaneti kafe kumene unali kulipila malinga na maminitsi. Makina ake anali kubwela monga salaula. Ofesi ya ku Ulaya ikagula makompyuta atsopano, akale anali kukwela kontena, ena kupita kumasukulu monga mphatso, ena kukagulitsidwa m'mashopu. XP inali kugwilizana nawo makinawo cifukwa siinali kudya kwambili. Memori ya 128 MB inali yokwana.

Vuto la masiku amenewo linali mavailasi a pa fulashi. Ukaloŵetsa fulashi yako mu kafe, pobwela kunyumba upeza mafoda onse asanduka mashotikati. Apa m'pamene panabadwila nchito yatsopano mu komboni. Munthu wodziŵa kufomata kompyuta na kuikamo Windows kucoka pa CD sanali kugona na njala. Palibe amene anali kufunsa ngati CD imeneyo ili na laisensi.

Mu January 2007 kunabwela Windows Vista. Inali kufuna memori yosacepela 512 MB, ndipo kuti ione bwino inali kufuna 1 GB. Makina athu ambili sanaikwanitse. Amene anaiyesa anaona kompyuta iyenda monga basi yodzala pa Lumumba Road nthawi ya m'maŵa, ndipo anabwelela ku XP. Tinaphunzilapo kuti Windows yatsopano amailembela makina atsopano, ndipo munthu wogula makina akale afunika kuyembekezela. Windows 7 inatuluka mu October 2009, koma kwathu inakhazikika pang'ono-pang'ono, pamene makontena anayamba kubweletsa makina amphamvuko.

XP inalekedwa pa 8 April 2014. Caka cimeneco ndico cimene silabasi yatsopano inayamba kugwila nchito m'masukulu a mu Zambia, ndipo munali phunzilo la makompyuta. Mu November 2015 ana a giledi 9 analemba mayeso oyamba a phunzilo limeneli ogwila kompyuta na manja. Amene analipo akumbukila. Makina anali ocepa, malaiti anali kupita, ndipo m'masukulu ena ana anayembekezela mpaka usiku kuti mpata wawo ufike. Kunja anali kukangana za Windows iti ili bwino, kuno mwana anali kupempha cabe kuti agwileko mausi.

Mwina mungafunse kuti, ngati kompyuta iyaka, kuleka zokonza kuli na vuto lanji? Windows iliyonse imakhala na ming'alu imene akuba a pa intaneti amaipeza pakapita nthawi. Zokonza zija zimene zimatikwiyitsa ndizo zimamata ming'aluyo. Zikaleka kubwela, mng'alu uliwonse watsopano umakhala wotseguka mpaka kale-kale. Mu May 2017 vailasi yochedwa WannaCry inagwila makompyuta osakonzedwa m'maiko oposa 150. Inali kutseka mafayilo na kufuna dipo, ndipo zipatala zina ku Britain zinabweza odwala cifukwa makompyuta anaima. Lelo m'laputopu ya mu komboni mumapita mapasiwedi a ku banki, makope a ma NRC a makasitomala na mafomu a nchito. Wakuba ali na zambili zotenga kuposa masiku a kafe.

Windows 10 inatuluka pa 29 July 2015, ndipo kwa caka cathunthu inali yaulele kwa amene anali na Windows 7 kapena 8.1 ya laisensi. Ulele umenewo kuno unali na mtengo wake. Kuikopa kunali kufuna pafupifupi 3 GB, ndipo bando ya saizi imeneyo siinali ya aliyense. Cinanso, madzi ku Kariba anatsika caka cimeneco, ndipo malaiti anali kupita maola 8 pa tsiku. Ine n'naphunzila movutikila. N'nayamba kuika Windows 10 pa kompyuta imene tinali kusungilapo mapulogilamu ojambulidwa, osakopela mafayilo kwina. Ili pakati, malaiti anapita. Atabwela, kompyuta inakana kuyaka mpaka tinaifomata. Tinataya zokambilana na agogo ena a mu George amene anatisimbila mmene komboni yawo inayambila. Mlandu unali wanga, cifukwa fulashi inali m'thumba mwanga nthawi yonseyo.

Olo zinali conco, Windows 10 inali na cifundo pa makina akale. Laputopu imene inabwela na Windows 7 kambili inali kuilandila. N'cifukwa cake inakhala nafe zaka 10 ndipo tinaizoloŵela monga mmene tinazoloŵelela XP.

Windows 11, imene inatuluka pa 5 October 2021, inasintha malamulo. Imafuna memori ya 4 GB, malo a 64 GB, na kacipangizo kacitetezo kochedwa TPM 2.0. Imafunanso pulosesa yatsopanoko, ndipo kwa Intel nthawi zambili ni kuyambila pa m'badwo wa 8, umene unayamba kutuluka mu 2017. Kale kompyuta yakale inali kulandila Windows yatsopano n'kumayenda pang'ono-pang'ono. Manje imakanidwa pakhomo, olo ikhale yamphamvu bwanji. Laputopu ya mnyamata uja ili na Core i5 ya m'badwo wa 6 na memori ya 8 GB. Imagwila nchito zonse zimene afuna, koma pa mndandanda palibe. Amakanika a m'tauni adziŵa njila yodumphila lamulo limeneli, ndipo imaseŵenza, koma Microsoft inakamba poyela kuti makina otelo siiwalonjeza zokonza.

Pali njila ina imene yakhala pafupi nafe nthawi yonseyi. Mu October 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa Ubuntu, mtundu wa Linux umene munthu aliyense angatenge mahala. Dzina lake ni mawu amene ife timati umunthu. Mpaka mu 2011 anali kutumiza ma CD aulele pa positi kwa aliyense wopempha. Ubuntu na mnzake Linux Mint zimayenda bwino pa makina amene Windows 11 imakana, ndipo zokonza zimabwelabe. Kulemba makalata kuli LibreOffice, kudula mawu kuli Audacity, ndipo intaneti ni imodzi-modzi. Koma nisakunamizeni. Ngati mumadyela pa CorelDRAW kapena Photoshop, kapena mumapanga mabiti pa FL Studio, mapulogilamu amenewa alibe mtundu wa Linux, ndipo kusamuka kudzakuvutani.

Mbili imeneyi ili na mbali imene tiyenela kuiona msanga. Maofesi akunja akacotsa makina amene alephela Windows 11, ambili adzakwela kontena monga mmene anacitila a XP. Adzaoneka oyela, mtengo udzakhala wabwino, ndipo wogulitsa sadzayamba ndiye kukuuzani za m'badwo wa pulosesa. Kugula makina otelo si kulakwa, malinga mudziŵe cimene mugula na kulipila mtengo woyenela. Onani nambala ya pulosesa: i5-6200U ni m'badwo wa 6, i5-8250U ni wa 8. Dinizani batani la Windows pamodzi na R, lembani tpm.msc, ndipo kompyuta idzakuuzani ngati ili na TPM 2.0. Amene afuna kukhalabe pa Windows 10 angalembetse zokonza zapadela zimene Microsoft inatsegulila anthu wamba mpaka pa 13 October 2026.

Mnyamata uja tinakhala naye pansi Ciŵelu cina. Tinayamba takopela mafayilo ake onse pa fulashi, tinayembekezela batile idzale, ndiye tinagaŵa diski paŵili. Mbali imodzi tinasiya Windows 10 ya mapulogilamu ake a nyimbo, yosaloŵa pa intaneti. Mbali inayo tinaika Linux Mint, ndipo ni mmene amatumizila mafomu a nchito na kuona za ku banki. Wiki yatha anabwela na laputopu ya mlongosi wake wa ku Chawama kuti nayonso tiione, ndipo nambala ya pulosesa anaiŵelenga yekha.