Mafayilo Ambiri, Foda Imodzi: Ulendo wa Ziwerengero za Zipatala za ku Rumphi

Amene timaphunzira za kompyuta timakonda kunyadira kapulogalamu ka mizere khumi mu Python kamene kamatsegula kokha mafayilo onse a mu foda n'kuwaphatikiza kukhala tebulo limodzi. Ine ndimaona kuti kunyadako n'kopitirira muyeso, ndipo mbiri ya ziwerengero za zaumoyo m'boma la Rumphi ndiyo imandichititsa kuganiza choncho.

Chaka cha 2002 chisanafike, pulogalamu iliyonse ya Unduna wa Zaumoyo, kaya ya katemera, kaya ya TB, inkatolera ziwerengero zake payokha ndi mafomu akeake. M'chaka chimenecho boma linayamba kugwiritsa ntchito dongosolo limodzi la HMIS m'dziko lonse. Kompyuta za m'maboma zinkayendera DHIS yoyamba ija, imene inapangidwa ku South Africa ndi gulu la HISP ndipo inkadalira Microsoft Access. Zipatala monga cha Bolero, Katowo, Mhuju ndi David Gordon Memorial ku Livingstonia zinkawerengera odwala kuchokera m'makaundula, n'kutumiza lipoti papepala ku Rumphi boma. Kumeneko munthu ankalitaipa, kenako n'kutulutsa fayilo yopita ku Lilongwe.

Taganizirani tsono amene ankalandira mafayilowo ku likulu. Boma lililonse linali ndi nkhokwe yakeyake pa kompyuta yakeyake. Dzina la chipatala likalembedwa mosiyana pang'ono m'mafayilo awiri, makina ankaona zipatala ziwiri. Lipoti likakonzedwa n'kutumizidwanso, pankafunika munthu wodziwa kuti latsopano ndi liti. Kutsegula mafayilo sinali ntchito yovuta kwenikweni. Mutu unkawawa powagwirizanitsa.

Mu 2012 Malawi anasamukira ku DHIS2, yopangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito ku Kerala, India, mu 2006. Anthu amaitama chifukwa imayendera intaneti, koma kwa ine chanzeru chake n'china. Chipatala chilichonse chili ndi chizindikiro chake cha zilembo ndi manambala 11, ndipo chiwerengero chilichonse chimalowa chikunena zinthu zitatu: chikuwerenga chiyani, cha nthawi iti, cha chipatala chiti. Ukatumiza fayilo ya CSV yotsatira zimenezi, zilibe kanthu kuti wina analemba "Mhuju" ndipo wina "Mhuju HC". Foda ija inalowedwa m'malo ndi nkhokwe imodzi ya dziko lonse.

Komatu pepala silinathe. M'zipatala zambiri zakumudzi kaundula akadalipo, ndipo lipoti limayambabe ndi kalaliki wowerenga mizere ndi cholembera (dzinja likavuta misewu ya ku Nyika ndi ku Phoka, makina sangamuthandize kufika ku boma). Apa ndi pomwe ndimakayikira kapulogalamu kathu kaja. Ukakapatsa foda ya mafayilo 15 m'malo mwa 16, sikadandaula ayi: kamaphatikiza amene alipowo n'kutulutsa chiwerengero chooneka bwinobwino. Malungo amaoneka ngati atsika, chikhalirecho lipoti la chipatala chimodzi silinafike, ndipo okonza za mankhwala a LA angadalire nambala yoperewerayo. N'chifukwa chake DHIS2 imasonyezanso kuti malipoti oyembekezeka anali angati, anafika angati, ndipo ofika pa nthawi yake ndi angati. Pa zonse zimene ndaona m'kalasi, mzere woyang'ana fayilo yosowa ndi umene ophunzira timaulemba pomalizira, ngati taulemba n'komwe.