Singano ndi Mbale Yakuda

Makolo ambiri a m'maparishi mwathu akukumbukira masiku amene nyimbo zinali kusungidwa m'mbale yakuda, ndipo wofuna kuzimva anayenera kuipukuta fumbi, kuiika pa galamafoni ndi kutsitsa singano mosamala. Ana a lero sanaione mbale imeneyi, koma mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife tonse.

M'chaka cha 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba osunga mawu ndi kuwatulutsanso, ndipo mu 1887 Emile Berliner anapeza njira yowasungira pa mbale. Magalamafoni akalewo anali opukusa ndi dzanja, mawu ake ofooka otulukira m'lipenga. Zinthu zinasintha mu 1925, pamene magetsi anayamba kuthandiza pojambula ndi pokuza mawu.

Pa mbalepo pali kanjira kamodzi kokha, kozungulira kuchokera m'mphepete kulowera pakati, ndipo nkokhotakhota monga momwe mawu anagwedezera mpweya. Mbale ikamazungulira, singano imanjenjemera potsata makhotawo. Kunjenjemerako kumasanduka mphamvu ya magetsi yochepa zedi, imene mavavu a galasi ankaikuza mpaka kufika pa sipika. Munthu akayatsa ankayamba wadikira kuti mavavuwo atenthe. Kenaka pamveke kuthetheka ngati chimanga chokazinga, ndiyeno nyimbo, ya mawu onenepa odzaza nyumba.

Mbale zakale zinkazungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatha m'mphindi ngati zitatu. Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale yoyenda pang'onopang'ono, yotha mphindi zoposa 20. Mbale ngati zimenezi ndizo zinafalitsa Missa Luba, imene Bambo Guido Haazen anakonza ndi oimba a ku Kamina, ku Congo, ndi kuijambula mu 1958. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican usanayambe nkomwe, ng'oma za mu Africa zinali zitajambulidwa kale zikutamanda Mulungu, ndipo pambuyo pake zinamveka ku Ulaya ndi ku America.

Phunziro lake nali, abale: singano ikapanda kukhudza mbale, mbaleyo imangozungulira chete, ngakhale ili ndi nyimbo yokoma. Chikhulupiriro cha makolo ndi chimodzimodzi. Mwana sachimva ngati sakhala nawo pafupi. Galamafoni inkasonkhanitsa banja pamalo amodzi, pamene lero aliyense ali ndi foni yake kukhutu. Tsono madzulo ano tiyeni tikhalenso pamodzi, tipemphere ndi kuimba, kuti zimene Mulungu analemba m'mitima yathu zimveke kwa ana athu.