Nkhoma, Patsinde pa Phiri la Mazengera

Inu adzukulu a ku Lilongwe, mukakwera minibasi ya ku Dedza n'kutsikira pa Kamphata, mumangodziwa kuti msewu wokhotawo ukupita kuchipatala cha maso. Takhalani pansi ndikuuzeni. Nkhoma anatchuka Lilongwe akadali kaboma ka nyumba zowerengeka m'mbali mwa mtsinje. Za likulu la dzikozi zabwera dzulodzuloli, mu 1975.

Agogo anga ankasimba kuti anthu a mfumu Mazengera sankagona m'chigwa. Angoni ankafika ndi zishango ndi nthungo, kugwira anthu, kukusa ziweto, kutentha nkhokwe. Achewa anathawira pamwamba pa phiri, n'kumanga timisasa pakati pa matanthwe. Kulima kunali kozemba: kutsika mbandakucha, khasu m'manja, maso kunjira, dzuwa likapendeka kubwerera msanga. Amayi ankakwera chitunda chonsecho mtsuko wa madzi uli pamutu, mwana kumsana. Adani akayesa kukwera, amuna ankawagubuduzira miyala. Mukadzakwera phirilo n'kuyamba kupuma wefuwefu musanafike ndi pakati pomwe, mudzawakumbukire amayi amenewo.

Azungu a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anali atakhazikika kale ku Mvera kuyambira 1889. Mazengera ndiye anawaitana, ndipo mu 1896 abusa Vlok ndi Du Plessis anadzamanga msasa patsinde pa phiri. Ine ndimati mfumuyo inkafuna choyamba kuti anthu ake agone tulo. Za Mulungu zinadza pambuyo. Pang'onopang'ono mabanja anatsika, midzi inamera m'chigwa.

Kenaka likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kubwera pano. Chipatala chinayamba mu 1915. Panabwera sukulu ya aphunzitsi, panabweranso makina osindikizira mabuku. Buku Lopatulika, limene William Murray anatsogolera ntchito yolimasulira, linatuluka mu 1922, ndipo anthu anamva Mawu m'chinenero cha amayi awo. Koma chimandiwawa n'chakuti alendo amaloza tchalitchi cha njerwa zofiira cha pa Nkhoma n'kutchula azungu okha. Anaponda dothi ndani? Anawotcha njerwa ndani? Katundu anabwera pamitu ya amtengatenga, mzungu ali m'machila. Ndi makolo athu amenewo, ndipo ambiri mayina awo sanalembedwe.

Sikuti zonse zinali mtendere. Mishoni inkadana ndi gule wamkulu, ndipo wolowa kalasi ya ubatizo ankayenera kusiya dambwe. M'nyumba imodzi mumapezeka mkulu wa mpingo, mng'ono wake wa kudambwe, mpaka kukangana za mwambo woti autsate pamaliro a mayi wawo. Agogo ankati mabanja ena sanadyerenso mbale imodzi mpaka imfa.