Kuchokera pa wailesi ya sefuliya kufika pa foni ya m'thumba

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera kusukulu ndi foni yakufa ya mayi ake, amene amagulitsa tomato pamsika wa Chezi. Amisiri awiri anali ataitsegula kale, ndipo onse anangoti bolodi yapsa, akagule ina. Mwanayo anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, wailesi ya agogo yakonzedwa kasanu ndipo ikulirabe. Nanga foni ya chaka chimodzi ikukanika bwanji?" Ndinamuuza kuti yankho lake lili m'mbiri, ndipo lero ndati ndikugawireniko nanunso.

Tiyambire ku Lusaka. M'zaka za m'ma 1940 kumeneko kunali nyumba youlutsira mawu imene inadzatchedwa Central African Broadcasting Station. Inkaulutsa m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'zinenero zina, ndipo mawu ake ankafika mpaka kuno ku Nyasaland. Vuto linali lakuti anthu akuda ambiri analibe mawailesi chifukwa anali odula komanso ofuna magetsi. Mkulu woona zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anayendayenda ku Britain kufuna kampani yoti ipange wailesi yotchipa, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. Mu 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, chifukwa chikopa chake chinali ngati sefuliya yopanda chogwirira. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake padera. Mibowo yake anaitseka ndi kansalu ka waya kuti tizilombo tisalowemo. Makolo athu ambiri anamvera koyamba mawu a Alick Nkhata kudzera m'sefuliya imeneyi.

M'kati mwake munali mavalavu anayi, timabotolo tagalasi tomwe tinkatentha tikamagwira ntchito. N'chifukwa chake batire linali lalikulu ngati njerwa, ndipo wailesi inkakhala pamwamba pake. Mawailesi a nthawi imeneyo ankalumikizidwa ndi manja, waya uliwonse pawokha, ndipo chipangizo chilichonse munthu ankatha kuchigwira ndi zala.

Pamene sefuliya inkafika kuno, kunja zinthu zinali zitayamba kale kusintha. Mu 1936 Paul Eisler, wa ku Austria koma ali ku England, anapanga wailesi yomwe mawaya ake anali tinjira ta mkuwa tomatidwa pa kathabwa. Imeneyi ndiyo bolodi yomwe amisiri athu amanena. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Labs ku America anatulukira transistor, kachipangizo kogwira ntchito ya valavu koma kosadya batire kwambiri. Mu 1954 wailesi ya Regency TR-1, ya matransistor anayi, inayamba kugulitsidwa, yokwana m'thumba la malaya. Mu 1958 Jack Kilby anasonyeza kuti zipangizo zingapo zingathe kupangidwira pamodzi m'kachidutswa kamodzi, chomwe lero timati IC.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964 ndipo MBC itayamba kuulutsa, kampani ya Nzeru ku Blantyre inkalumikiza mawailesi a matransistor konkuno. Ife a zaka za m'ma 40 tinakulira pa Nzeru. Ndikukumbukira bambo anga akuyanika mabatire padzuwa kuti timvereko mpira. Ikafa ankapita nayo kwa mmisiri wina wa pakhonde la sitolo, yemwe ankatenthetsa chitsulo chake chowotcherera pa mbaula ya makala. Zinkatheka chifukwa chipangizo chilichonse chinali ndi timiyendo tolowa m'mibowo ya bolodi n'kuwotchereredwa kuseri. Mtovu ukasungunuka, chakufacho chinkazulidwa, china n'kulowa. Bolodi yoteroyo inali sukulu payokha. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anatchuka ndi makina ake opanga magetsi ndi mphepo, anayamba ndi kutsegula ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzi.

Tsono kuyambira m'ma 1980 mafakitale anayamba kusiya timiyendo tija. Zipangizo zinayamba kumatidwa pamwamba pa bolodi ndi makina, ndipo kukula kwake kumatchulidwa ndi manambala. Cha 1206 n'chotalika mamilimita 3.2, cha 0805 mamilimita 2, cha 0402 milimita imodzi yokha, ndipo cha 0201 ndi mamilimita 0.6. Njere ya mawere imachiposa. Mukayetsemula chili patebulo, basi mwachitaya.

Mwina mukuganiza kuti anachepetsa pofuna kuti foni ikwane m'thumba. Zoona, koma pali chifukwa chinanso. Foni ndi wailesi yolandira komanso kutumiza mawu, yomwe pa Chingerezi amati transceiver. Mawailesi akale ankagwira mafunde aatali, aja tinkawerenga pagalasi kuti mamita 49 kapena 90. Funde la FM ndi pafupifupi mamita 3. Koma la foni, pa 900 MHz, ndi masentimita 33 okha. Funde likafupika chonchi, kamwendo ka waya ngakhale kakafupi kamayamba kuchita ngati koyilo kapena eriyo, n'kusokoneza zonse. Choncho wokonza mapulani a bolodi amafupikitsa njira iliyonse, amayeza ngakhale m'lifupi mwa kanjira ka mkuwa, ndipo amaika chipangizo pafupi kwambiri ndi chinzake.

Palinso vuto la phokoso. Mbali yotumiza imakuwa kuti nsanja ya netiweki imve, pamene mbali yolandira ikumvetsera manong'onong'o ochokera kutali. Zili ngati kumanga chigayo pafupi ndi kalasi. N'chifukwa chake mukatsegula foni mumaona timabokosi tachitsulo tophimba zigawo zina, ndipo bolodi yake ndi yosanjikizana kangapo, njira zina zili m'kati mosaoneka ndi maso. Njira ya m'kati ikaduka, kapena mtovu wa pansi pa IC ukasweka, chitsulo cha pa mbaula sichingathandize.

Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno ndi TNM pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo Celtel inatsatira mu 1999. Lero mayi wa tomato amamva mitengo ya ku Lilongwe ndi ku Salima ali pamsika pomwepo, amalandiranso ndalama pafoni. Kuchepa kwa zipangizo kwatipatsa zimenezi, ndipo sitingakane. Koma kwatilandanso kanthu. Mwana wa lero akatsegula foni saona chomwe angatsate ndi chala monga ankachitira anzake pa Nzeru.

Komabe luso silinafe. M'matauni muli anyamata ndi atsikana amene akukonza mabolodi oterewa ndi chowotcherera cha mpweya wotentha, kandodo kopanira ndi galasi lokulitsa zinthu. Chimene chasintha n'chakuti ntchitoyi tsopano ikufuna magetsi, zida ndi maphunziro, pomwe kale inkafuna mbaula ndi kuleza mtima.

Foni ija sinadzuke, ndipo mayi aja anabwereka ndalama kubanki m'khonde n'kugula ina. Mtsikanayo ndinamupatsa wailesi yakale ya bambo anga ndi sikuludiraiva, kuti aitsegule ndi kujambula m'kope njira iliyonse ya mkuwa kuyambira pa batire mpaka pa sipika. Wabweretsa kale masamba awiri. Ngati muli ndi wailesi yakufa kuseri kwa kabati, chonde musaitaye kudzala. Ipititseni kusukulu imene muli nayo pafupi.