Ulendo wa Mpendadzuwa

Mpendadzuwa, umene lero uweramitsa mitu yake m'minda ya ku Mchinji ndi Kasungu pamene mvula ilinkutha, unayamba kulimidwa zaka zikwi zingapo zapitazo ndi eni dziko a ku North America, amene ankasinja njere zake kukhala ufa. Ndipo Asipanya atauolotsa nyanja m'zaka za m'ma 1500, anthu a ku Ulaya anaudzala m'timinda ta pakhomo monga duwa lokondweretsa maso chabe, osazindikira chuma chobisika m'njerezo.

Koma mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ku Russia, kumene Mpingo wa Orthodox unkaletsa mafuta amitundu yambiri pa nyengo ya kusala, mafuta a mbewu yachilendoyi sanatchulidwe m'malamulo akalewo, kotero kuti ngakhale opembedza enieni anawadya mtima uli m'malo. Ndipo mu 1829 Daniil Bokarev wa ku Alekseyevka, munthu wamba wolimira mbuye wake, anayamba kuyenga mafutawo. Komabe ulemu waukulu, ndiyesa, uyenera Vasily Pustovoit wa ku Krasnodar, amene posankha mbewu moleza mtima zaka makumi angapo, anachulukitsa mafuta kufikira pafupifupi theka la kulemera kwa njere, nafalitsa mtundu wotchedwa Peredovik, umene alimi a maiko ambiri anaulandira.